Chikwangwani changa chinayamba kuwola m'mphepete

Achimwene, popeza felemu ya chikwangwani chanu mwawotcheretsa kale ndipo chatsala n'choti muikemo, ndikupemphani kuti musathamangire kugula pulayiwudi amene akukuuzaniyo musanamve zimene zinandigwera ine pa Chinkhoma pano, pamene ndimagulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a m'munda m'mbali mwa msewu wa M1.

Mu Seputembala 2022 ndinapereka K85,000 kwa munthu wina wowotcherera zitsulo ku tauni ya Kasungu kuti andipangire chikwangwani cha mamita awiri mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Ananditsimikizira kuti aikamo pulayiwudi wa marine, amene guluu wake samasuka ndi madzi, ndipo ine ndinakhulupirira chifukwa pamene ankabweretsa anali atapaka kale penti yoyera ndi kulembapo dzina la sitolo ndi zilembo zobiriwira zokongola kwambiri. Chimene sindinaone n'chakuti thabwalo linali pulayiwudi wamba wa mamilimita 6 wopangira kumbuyo kwa makabati, m'mphepete mwake monse simunapite penti, ndipo analikhazika mu angle iron yoyang'ana kumwamba ngati ngalande, yopanda bowo ngakhale limodzi lotulukira madzi.

Mvula itayamba mu Disembala, madzi onse otsika pachikwangwanicho ankaima m'ngalandemo, thabwa n'kumamwa usana ndi usiku. Pofika pakati pa Januwale m'munsi munali mutatupa, timapepala ta thabwalo tikusendeka kamodzikamodzi, ndipo masikuluwu anayi okha amene anamangira analibenso pogwira. Tsiku limene linagwa linali Loweruka masana, pakhomo pali anthu ambiri odzagula feteleza wobereketsa chimanga. Kunabwera chimphepo chimene chimatsogolera mvula, ndinamva phokoso pamwamba pa khonde, kenaka thabwa lonse linatuluka mufelemu n'kutsika chopendekera. Linadutsa pafupi kwambiri ndi mayi wina amene anabereka mwana kumbuyo, linamenya njinga yake n'kupinda gudumu lakutsogolo, ndipo ngodya yake inang'amba thumba la urea limene linali pakaliyala, feteleza n'kumwazikira m'matope. Mayiyo sanakuwe konse, anangokhala pansi pomwepo atagwira mutu wa mwana wake ndi manja onse awiri, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mmene ankanjenjemera mtima wanga umawawa. Ndinalipira thumba lina ndiponso ndinakonzetsa njingayo, koma zimenezo n'zazing'ono poyerekeza ndi zimene zikanachitika thabwalo likanakhota pang'ono chabe.

Lolemba lake ndinapita kwa wowotcherera uja nditanyamula chidutswa chowolacho. Sanapepese ngakhale pang'ono. Anandiuza kuti mvula ndi ya Mulungu, kuti iye anagulitsa chikwangwani osati denga, ndipo anafuna ndalama zina kuti aikemo thabwa latsopano la mtundu womwewo. Munthu amene amadziwa bwino lomwe kuti ntchito yake idzapachikidwa pamwamba pa mitu ya anthu, koma n'kusankha kusunga ndalama zochepa za penti ndi zomangira, ameneyo sayenera kutchedwa mmisiri, ndipo chimandipweteka n'chakuti akupitirizabe kulandira ntchito kwa anthu ena.

Kachiwiri ndinagula lata lafulati la geji 28, ndipo apanso ndinalakwitsa, chifukwa mnyamata amene anaika analiwotcherera kufelemu. Moto unapsereza zinki yoteteza latalo, dzimbiri linayambira m'malo onse owotchererawo, ndipo dzuwa la mu Okutobala litawomba latalo linasowa kofutukukira n'kuchita mafunde, moti zilembo zinkaoneka zokhota. Penti nayo inayamba kusendeka chifukwa penti ya mafuta sigwira palata latsopano lonyezimira ngati simunalitsuke bwino ndi kuyamba mwapaka etch primer, penti yoyambirira yothandiza kuti penti inayo igwire.

Ngati thumba likulola, gulani aluminium composite (pulasitiki wokutidwa ndi aluminiyamu mbali zonse ziwiri), imene ambiri amangoti Alucobond, ya mamilimita 3 kapena 4. Imabwera yaikulu mamilimita 1220 kwa 2440, ndi yopepuka, sichita dzimbiri, siimwa madzi, ndipo stika imamata bwino pamwamba pake. Vuto lake ndi mtengo komanso kuinyamula kuchokera ku Lilongwe osaipinda. Mukasankha lata, tengani geji 26 kapena 24, pokumbukira kuti nambala ikamachepa lata limakhala lochindikala. Chilichonse mwa ziwirizi chimangidwe ndi mariveti motalikirana pafupifupi masentimita 30, mabowo ake akhale okulirapo pang'ono kuposa riveti, ndipo musiye mpata wa mamilimita atatu kuzungulira kuti chipeze kofutukukira kukatentha. Felemuyo ipakidwe red oxide, penti yoteteza ku dzimbiri, isanalandire chilichonse, muibowole m'munsi malo atatu kapena anayi kuti madzi azituluka, ndipo ngati ndi yaitali kuposa mita imodzi muwonjezere chitsulo chopingasa kumbuyo kuti mphepo ya mwera isamakankhe pakati. Perspex, pulasitiki wooneka ngati galasi, musiyireni amene akufuna chikwangwani choyaka magetsi mkati, chifukwa amafutukuka kwambiri ndi kutentha ndipo amang'aluka mukamumanga mothina.

Komabe sindikufuna kuti mumve ngati pulayiwudi ndi woletsedwa. Mnzanga wa golosale pafupi nane ali ndi chikwangwani cha pulayiwudi wa mamilimita 12 chimene chatha mvula zinayi chili bwinobwino, chifukwa chili pansi pa khonde ndipo anapaka penti katatu kutsogolo, kumbuyo ndi m'mphepete monse asanachilowetse mufelemu. Ngati chanu chikhale pamalo otchingika ngati amenewo, pulayiwudi akhoza kukuthandizani pamtengo wotsika. Komanso ntchitoyi ipatseni owotcherera a kwathu kuno omwewa, popeza ndi amene mungawapeze msanga chinthu chikavuta, koma katundu mukagule nokha, mumuone ndi maso anu asanapakidwe penti, ndipo tsiku lomangirira mukhalepo mpaka riveti yomaliza. Ine lata langa lamafunde lija likadali pamwamba pomwepo, ndinangowonjezera mariveti ndi zitsulo ziwiri kumbuyo, ndipo ndikuyembekezera kugulitsa fodya wa chaka chino kuti ndilichotse.