Funsani Azakhali: Ndikufuna kutenga mwana wa malemu mng'ono wanga kumudzi

Azakhali, ine ndimakhala ku Mufakose mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndinabwera kuno kutsatira amuna anga ndipo mapepala anga ali bwinobwino. Mng'ono wanga anatisiya chaka chatha ku Dedza, anasiya mtsikana wa zaka 11, ali Sitandade 5. Pano akukhala ndi agogo ake koma maso awo ayamba kuvuta moti mwanayo ndi amene akumaphika, kutunga madzi, sukulu akumajomba. Bambo ake ali ku Joni, olo foni sayimba. Ndimatumiza kangachepe pa Mukuru koma kaya imafikadi kwa mwanayo kaya. Kondakitala wina wa basi wati ndimupatse madola 80 andibweretsera popanda pasipoti, akuti ana safunsidwa. Amuna anga angoti zili kwa iwe. Nditani?

Mayi wa ku Mufakose

Pepani ndi maliro achemwali. Koma za kondakitalazo ayi, ndakana ndithu. Taganizani njira yake, mwana atuluke pa boda ya Dedza, alowe Calomue ku Mozambique, awoloke Zambezi pa Tete, akafike Cuchamano kenako Nyamapanda, maiko atatu amenewo, ali m'manja mwa bambo yemwe inu mumangomudziwira pa Mbare pokwerera basi. Zikavuta pa boda iyeyo adzangoti mwanayu sindikumudziwa, basi nkumapita. Komanso ku Malawi kuli lamulo la 2015 lothana ndi kuzembetsa anthu, kuno lilipo la 2014, ndiye wapolisi akapeza mtsikana wopanda pepala ali ndi munthu wosakhala mbale wake sayamba ndi kufunsa ngati mtima wanu unali wabwino.

Kwathu inu ndinu mayi ake aakulu, mwana wa mng'ono wanu ndi wanu, palibe angatsutse. Koma a Immigration za umayi waukulu sazidziwa, iwo amafuna chidindo.

Yambirani kumudzi. Mukhale pansi ndi mwini mbumba, amalume ake a mwanayo, ndi agogo, olo pa WhatsApp, agwirizane nazo, chifukwa mukangomunyamula mawa adzati mwatenga wantchito wa ulele, anthu kumudzi pakamwa mukuwadziwa. Kenako wina apite ku ofesi ya Social Welfare pa boma pa Dedza ndi chiphaso cha imfa ya amayi ake, iwo ndi amene amathandiza kuti khoti likupatseni pepala loti ndinu womulera, pansi pa lamulo losamalira ana la 2010. Setifiketi yobadwira imachokera ku NRB, ofesi ya boma yolembetsa anthu ndi kupereka ziphaso, pasipoti ku Immigration ya Malawi. Bambo akewo asakeni ndithu, olo anathawa udindo akadali bambo, alembe afidaviti yovomera kuti mwana atuluke. Akapanda kupezeka mukanene zimenezo kukhoti komweko, osasaina m'malo mwawo chonde.

Tsopano kunoko ndi kumene ambiri timagwa. Mmalawi amalowa Zimbabwe popanda viza inde, koma chidindo cha pa Nyamapanda ndi cha mlendo, cha masiku owerengeka, sichopitira kusukulu. Mwana wakunja wophunzira kuno amafunika scholar's permit, chilolezo chokhalira m'dziko muno ngati mwana wasukulu. Ndiye mupeze kaye sukulu yoti ikulembereni kalata kuti malo alipo, mutenge mapepala anu okhalira m'dziko muno, umboni wa komwe mumakhala ndi woti mungathe kumusunga, mupite nokha ku Immigration akakuuzeni zonse ndi mtengo wake. Osadzera kwa anyamata oima panja aja oti timathandiza. Ku embasi ya Malawi konkuno ku Harare nakonso kafikeniko.

Ndikunena izi chifukwa tonse tikuwadziwa agogo athu a ku Mbare ndi Highfield omwe anakalamba ndi chitupa cholembedwa alien, ana awo kuvutika mpaka malamulo a dziko a 2013 anazindikira obadwira kuno kwa makolo a m'maiko a SADC. Koma uyu anabadwira ku Dedza, zimenezo sizimukhudza, akalowa mozemba vuto lidzatulukira pa mayeso a Grade 7 a ZIMSEC, bungwe la mayeso la kuno, akadzafuna setifiketi yobadwira.

Za ndalama, mawu a amuna anu oti zili kwa iwe aja sindinawakonde. Mawu amenewo amadzasanduka ndinakuuza ine tsiku la fizi. Akhale pansi, muwerengere limodzi fizi, levi, yunifolomu, kombi, chipatala, ufa wowonjezera, m'madola osati mongoyerekeza, ndipo si za temu imodzi, ndi mpaka mwanayu amalize sukulu. Ana anu, ngati muli nawo, nawonso auzeni, adzagona naye chipinda chimodzi ndi iwowo.

Mapepala satuluka sabata imodzi, ndiye pakadali pano musinthe katumizidwe. Kumudzi pulayimale ndi yaulele kuyambira 1994, chomwe chikumujombetsa ndi ntchito zapakhomo. Lipirani mayi wina wapafupi aziwatungira madzi agogo ndi kuphika, mutenge nambala ya aphunzitsi ake muzimva ngati akubwera. Sukulu kuno imatsegula Januwale pomwe kumudzi ndi Sepitembala, ndiye lozani Januwale, ndipo mukamutenge nokha pa basi. Chishona musade nacho nkhawa, wa zaka 11 ameneyo Isitala isanafike adzakhala akukutanthauzirani inuyo.

Azakhali