Woopsa si galuyo, ndi nkhupakupa

Achimwene, mwafunsa ngati galu wanu amene mwamupeza ndi nkhupakupayo angakupatsireni matenda otentha thupi amene nkhupakupa zimafalitsa. Ayi, sangakupatsireni matendawa pokunyambitani kapena mukamamusisita. Choopsa ndi nkhupakupa zimene wabwera nazo pakhomo.

Mabakiteriya amene amayambitsa matendawa amatchedwa Rickettsia. Nkhupakupa imawatenga poyamwa magazi a nyama imene ili nawo, monga mbewa, ndipo ikakaluma nyama ina kapena munthu imawasiya m'thupi kudzera m'malovu ake. Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti yaikazi imapatsiranso mazira ake, moti tiana timaswedwa tili nawo kale tisanalume chilichonse.

Mwayi wake, nthawi zambiri imafunika ikhale itakakamira pakhungu kwa maola angapo kuti ikupatsireni. Ine ndikachokera kutchire kapena kukhola ndimadzifufuza m'khwapa, m'chiuno ndi kuseri kwa mawondo. Ndikaipeza ndimaizula ndi kachitsulo kopanira, kugwira pafupi ndi khungu penipeni. Zoifinya ndi zala ndinasiya kalekale.

Mukamva kutentha thupi ndi kupweteka mutu, kapena mukaona zidzolo ndi kachilonda kakuda pamene inaluma pasanathe masabata 2 chikulumireni, thamangirani kuchipatala ndipo mukawauze za nkhupakupayo. Mankhwala a doxycycline amagwira bwino akayambidwa msanga. Galuyo akamuone dokotala wa ziweto.