Digiri ya zachitetezo ku Mzuni: ngongole yake idzabwezedwa ndi malipiro ati?

Funso: Ndine bambo wa ku Limbuli, m'boma la Mulanje. Mwana wanga wamwamuna wasankhidwa kukachita digiri ya zachitetezo ku Mzuni, yunivesite ya ku Mzuzu. Akufuna kupempha ngongole ya boma ya ophunzira, koma ya nyumba, chakudya ndi thiransipoti ikusowabe. Wakatapila wina wati andipatsa K300,000 ndibweze K450,000 pakutha pa mwezi. Anzanga akuti sukulu imeneyi ndi yaulonda basi, mwana adzathera pageti. Ndilowe m'ngongole kapena ndimuletse?

Yankho: Bambo, musamuletse mwana, komanso kwa wakatapilayo musapondeko. M'kalata mwanu muli ngongole ziwiri zosiyana kwambiri, ndipo yowopsa si ija mukuyiwopa.

Anzanuwo alakwitsa, ngakhale sanalakwitse zonse. Ku Mzuni saphunzitsa kugwira chibonga. Amaphunzitsa zoyambitsa mikangano ndi kuithetsa, malamulo, chitetezo cha m'malire ndi kayendetsedwe ka mabungwe achitetezo. Chimene anzanu aona n'chakuti pepala lokha silikweza malipiro a ntchito yomwe siifuna pepala. Mlonda wa pakampani amalandira pafupi ndi malipiro otsikitsitsa omwe boma limakhazikitsa, ndipo mu 2024 anali K90,000 pamwezi. Akavala yunifomu n'kuima pageti la fakitale ya tiyi, wadigiri ndi wa MSCE amalandira chimodzimodzi.

Ndiye ndalama ya digiriyi ili kuti? Ili pa maudindo apamwamba ku polisi, ku usilikali, ku ndende ndi ku Immigration. Ili pa ukapitawo wa chitetezo m'maesiteti ndi m'makampani. Ilinso m'mabanki, momwe lamulo la Financial Crimes Act la 2017 limawakakamiza kukhala ndi anthu ofufuza ndalama zokayikitsa. Mipata imeneyi ilipo koma ndi yochepa, ndipo siituluka mwezi uliwonse. Ambiri amene maphunzirowa amawapindulira msanga ndi omwe ali kale pantchito, wapolisi kapena msilikali wofuna kukwezedwa. Mwana wochokera ku Fomu 4 ayenera kuyembekezera kuti akamaliza atha kukhala pakhomo chaka kapena kupitirira akuponya makalata. Powerengera, ikaninso nthawi imeneyo. Makolo ambiri amaiwala, amaona ngati tsiku lovala gauni ndi tsiku lolandira.

Ngongole ya boma imachokera ku bungwe la HESLGB, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015. Ubwino wake ndi woti mwana sabweza ali pasukulu, ndipo akayamba ntchito amabweza pang'onopang'ono, olemba ntchito akumudula pamalipiro. Si mphatso ayi. Amene amazemba amapezeka dzina lawo lili kwa osunga mbiri ya ngongole, ndiye tsiku lofuna ngongole ya nyumba kubanki amawabweza. Mwana asanasaine awerenge pepalalo, afunse chiwongoladzanja, nthawi yoyambira kubweza, ndi zomwe ngongoleyo ikulipira. Asangomva za anzake pa WhatsApp.

Tsono tiwerengere ya katapila. K150,000 pamwamba pa K300,000 ndi theka lathunthu pamwezi umodzi. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, anthu n'kudandaula kuti mabanki akudula, chonsecho imeneyo ndi ya pachaka. Mukalephera mwezi woyamba, wakatapila amawerengera pa K450,000, ndipo mwezi wachiwiri mwafika pa K675,000. Mwana ali chaka choyamba, kwatsala zaka zitatu. Palibe malipiro a wadigiri aliyense amene angathamange kupitirira ngongole yotere, ndipo chikole chomwe amachiyang'ana kwathu kuno ndi munda wa tiyi kapena wa nanazi. Munda ukapita, zaka zotsalazo mulipira ndi chiyani?

Khalani pansi ndi mwanayo, kope ndi cholembera. Lembani za semesita imodzi: lendi ya kachipinda ku Luwinga ngati malo a pasukulu asowa, chakudya, mabandulo a intaneti, kusindikiza mapepala, ndi basi yochokera ku Limbuli kudzera ku Blantyre mpaka ku Mzuzu. Ulendowu ndi wautali, choncho azibwera kumudzi patchuthi chachikulu chokha. Pa chiwerengerocho wonjezerani kenakake, poti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo mitengo siibwerera m'mbuyo. Ufa ndi nyemba zichoke kumudzi; thumba lokwera basi limatsika mtengo kuposa kugula walkman ku Mzuzu.

Chotsalacho chigaweni. Achibale apatsidwe mwezi wawo aliyense, osati kungolonjeza pamaliro. Ngati mayi ali mu banki m'khonde, abwereke yochepa yomwe ingabwezedwe ndi masamba a tiyi a mwezi umodzi, makamaka nyengo yamvula pomwe tiyi amachuluka.

Mwanayo nayenso asangodalira digiri. Aphunzire kompyuta ndi kawerengedwe ka ndalama ali konko, ndipo patchuthi apemphe kukaphunzira ntchito ku ofesi ya chitetezo pa esiteti ina kapena kumalire a Muloza, ngakhale popanda malipiro. Polisi kapena asilikali akalengeza kuti akulemba, aponye kalata ndithu. Ena amayamba ntchito kaye, digiri n'kumaliza akulandira kale.