Botolo lija la akamwini

Amalume, mwaswera bwanji ku Chelstone uko? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali pantchito, mafoni timasiya m'loka. Ndangoti ndilankhule, zolemba chala chingatupe.

Chithunzi cha botolo la vinyo limene akamwini anu akubweretserani kuchokera ku Joni ndachiona. Funso lanunso ndalimva, lakuti popeza palembedwa Cape Blend, kutanthauza wosakaniza wa ku Cape, kodi si zotsalira za m'migolo zimene angokokolola n'kuthira pamodzi? Ndaonanso amayi aang'ono a ku Matero aseka pagulupa, ati mkamwini wagula wotchipa. Iyayi amayi, musamulakwire mwana wa eni. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikutsegulira alendo mabotolo, ndipo ena mwa amene timatsekera mu kabati ya kiyi chifukwa cha mtengo wake ndi osakaniza omwewa.

Mphesa zilipo mitundumitundu, ngati mango. Pali Cabernet Sauvignon, timphesa ting'onoting'ono ta khungu lokhuthala. Vinyo wake akakhala yekha, makamaka akadali wachaka chimodzi kapena ziwiri, amaumitsa mkamwa, lilime n'kukhakhala ngati mwaluma nthochi yosapsa kapena mwamwa tiyi wa masamba ambiri wopanda mkaka. Chimene chimachita zimenezo amachitcha tannin, chimachokera m'khungu ndi m'njere. Ndiye pali Merlot, yofewa, yotsetsereka pakhosi, koma payokha nthawi zina imakhala ngati ilibe msana. Mukaziphatikiza, ina imachotsa ukali wa inzake, inayo n'kuipatsa mphamvu. Anthu a ku Bordeaux ku France akhala akuchita zimenezi kuyambira kalekale, ndipo chifukwa china n'chaulimi chabe. Merlot imapsa msanga, Cabernet mochedwa. Mvula ikaononga ina, inayo yakololedwa kale. Agogo kumudzi ku Katete sankabzala chimanga chokha m'munda, paja mukukumbuka.

Tsono lanulo lili ndi mphesa yachitatu, Pinotage, ndiyo imachititsa kuti alitche Cape Blend. Imeneyi ndi ya ku South Africa konko. Mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Stellenbosch, Abraham Perold, anakwatitsa mitundu iwiri ya ku France, Pinot Noir ndi Cinsaut, mu 1925, n'kubadwa imeneyi. Ili ndi kafungo ka zipatso zakuda zakupsa, mwina ndi kautsi pang'ono. Ena amaikonda, ena safuna n'kuimva komwe. Ineyo payokha imandilemera, koma ikakhala pakati pa zinzake ziwirizi ndimaikonda kwabasi.

Kapangidwe kake, dikirani ndikhale pansi kaye, miyendo yatopa.

Eya. Amakolola cha mu February ndi March, ife kuno tikuotcha chimanga chachiwisi mvula ili pakati, pomwe ku Cape ndi nthawi ya dzuwa. Amachotsa timitengo ta mphesazo n'kuziphwanya. Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti madzi a mphesa yakuda si ofiira ayi, ndi oyera. Kufiira konse kuja kumachokera m'makoko. Ndiye madzi ndi makoko amazisiya pamodzi m'thanki sabata imodzi, ziwiri, mwina zitatu, yisiti ikudya shuga n'kumusandutsa mowa. Pofulula masese kwathu pamafunika chimera kuti phala litsekemere kaye, koma mphesa imabwera ndi shuga wake kuchokera kumunda. Zikamawira makoko amayandama pamwamba, ndiye tsiku lililonse amawakankhira pansi kapena kuwathira madzi omwewo, kuti mtundu utuluke bwino. Akatero amafinya.

Apa mpamene pagona yankho la funso lanu, amalume. Nthawi zambiri mtundu uliwonse umawira pawokha, n'kukagona m'migolo yakeyake ya mtengo wa oak. Mgolo umodzi ndi malita 225, ndiye kuti mabotolo 300. Umakhala mmenemo chaka kapena kuposerapo, ukutenga kafungo ka mtengowo, ukaliwo ukuphwa pang'onopang'ono. Kenako wopanga vinyo amakhala pa tebulo ndi timatambula tambirimbiri ndi choyezera, kuthira kuchokera mgolo uwu pang'ono, uwo pang'ono, kulawa, kulavula, kusintha muyeso, kulawanso. Migolo imene sinamusangalatse amaipatula, imakalowa mu vinyo wotchipa. Ndiye kuti zotsalira zenizenizo ndi zimene zakanidwa, osati zimene zalowa m'botolo lanu. Muyesowo sukhalanso umodzimodzi chaka ndi chaka, umatengera mmene dzuwa ndi mvula zinachitira.

Koma ndisakunamizeni, mawu akuti blend paokha sakutsimikizira chilichonse. Uja wa m'katoni wa malita 5 amene amatuluka pa kitchen party nayenso ndi wosakaniza. Komanso botolo lolembedwa Merlot basi, lamulo la ku South Africa limangofuna kuti 85 pa 100 ikhale Merlot, yotsalayo ikhoza kukhala ina. Inu tembenuzani botolo. Pakhosi pake payenera kukhala kachidindo ka manambala, ndipo pachithunzi chanu ndaona palembedwa W.O. Stellenbosch, kutanthauza kuti mphesa zonse zinachokera dera limenelo. Mkamwini sanakupeputseni.

Chimodzi chokha ndikuchenjezeni. Si wotsekemera ngati Four Cousins amene amayi aang'ono amakonda. Shuga yense anadyedwa ndi yisiti. Kumeza koyamba mudzakwinya nkhope, ndikudziwa. Chonde musathiremo Coca-Cola. Kasitomala wina anachitapo zimenezo ndi botolo lodula ine ndili chiimire pomwepo, ndinangoyang'ana kudenga.

Ndi kutentha kwa October kuno, musalisiye pawindo kapena pamwamba pa firiji. Vinyo wofiira akafunda mumangomva ukali wa mowa m'mphuno. Muliike m'firiji mphindi 30 musanamwe, ngati magetsi alipo, apo ayi mu ndowa ya madzi ozizira. Mukatsegula mulisiye lipume pang'ono. Ndipo limafuna nyama yamafuta, michopo, ng'ombe yootcha, chifukwa mafutawo ndi amene amafewetsa kukhakhala kuja. Ndi kapenta ayi, mkamwa mumamveka ngati mwanyambita supuni yadzimbiri.

Palembedwa 14 peresenti pamenepo, pomwe Mosi ndi Castle zimathera pa 4 kapena 5. Tambula imodzi si masewera, ndiye ndi mapiritsi anu a BP aja mufunse kaye a kuchipatala. Mukatsegula limatha masiku atatu kapena anayi mutatseka bwino m'firiji, kupitirira apo limayamba kusasa.

Chotsegulira muli nacho kodi? Pachithunzi ndaona ndi la chitsekero cha cork, osati chopotokola. Musachite zokankhira mkati ndi foloko. Loweruka ndili pa ofu, ndibwera nacho changa, inu mungouza akamwiniwo agule mbuzi. Basi, minibasi yanga yafika.