Kodi ndizipita kukamvera alendo odzalankhula ku koleji kwathu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa kwathu amene akuphunzira unamwino pa community college (koleji ya maphunziro a zaka ziwiri) ina ku America. Akuti koleji yawo imasankha mutu umodzi wa humanities chaka chilichonse, n'kumaitana alendo kudzalankhula pa mutuwo. Iyeyo usiku amagwira ntchito yosamalira okalamba, masana ali m'kalasi. Akufunsa ngati misonkhano imeneyi ili ndi phindu kwa munthu amene akungofuna pepala lake, kapena n'kungodzimana tulo pachabe.

Achemwali, pitani. Yonse simungaikwanitse, koma iwiri kapena itatu pa chaka musaiphonye.

Akamati humanities akunena maphunziro okhudza moyo wa munthu: mbiri yakale, zolembalemba, zipembedzo, zilankhulo, filosofi ndi luso. Nthawi zambiri kagulu ka aphunzitsi ndi ogwira ntchito ku laibulale ndi kamene kamasankha mutu, mwina wa madzi, kusamuka kwa anthu kapena chilungamo, pamodzi ndi buku limodzi loti ambiri awerenge. Pakhomo kawirikawiri salipiritsa, ndipo anthu a m'tauni amaloledwa kulowa. Ndalama zina zimachokera ku bungwe la boma la National Endowment for the Humanities, lomwe linakhazikitsidwa mu 1965. Mu Epulo 2025 boma linadula thandizo lambiri limene bungweli linali litalonjeza kale, ndipo ine zinandiwawa kwambiri.

Tsono tikambe za unamwino wanuwo. Limodzi mwa mabuku amene makoleji ambiri a ku America akhala akusankha ndi The Immortal Life of Henrietta Lacks, lolembedwa ndi Rebecca Skloot, lomwe linatuluka mu 2010. Henrietta anali mayi wachikuda amene anamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero mu 1951 pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, ali ndi zaka 31 zokha. Madokotala anatenga maselo a chotupa chake osamufunsa. Maselowo, omwe amatchedwa HeLa, anapitiriza kuchulukana m'malabotale, anathandiza poyesa katemera wa poliyo, ndipo akugwirabe ntchito mpaka lero. Ana ake anadzadziwa zimenezi patapita zaka zoposa 20.

Tsiku lina mudzaima pambali pa bedi muli ndi pepala loti wodwala asayine. Adzakhala gogo wosamva bwino Chingerezi, kapena bambo amene amaopa chipatala chifukwa cha zimene makolo ake anakumana nazo. M'kalasi adzakuphunzitsani kuti pepalalo lisayinidwe. Chifukwa chimene gogoyo akuzengerezera kugwira cholembera, mudzachimva m'holo ya misonkhano ija, kwa mlendo amene watha zaka akufufuza nkhani zotere. Namwino amene anamvapo nkhani ya Henrietta sakakamiza dzanja la wodwala, amakhala pansi n'kufotokozanso.

Palinso china chimene chimandisangalatsa. Buku la William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, The Boy Who Harnessed the Wind, la mu 2009, nalonso linasankhidwapo m'makoleji angapo a ku America. Mutu ukakhudza njala, magetsi kapena sukulu za kumudzi, inuyo mumadziwa zimene anzanu amangowerenga m'buku. Nthawi ya mafunso ikakwana imikani dzanja. Musachite manyazi ndi kalankhulidwe kanu.

Za tulo zija sindikuzipeputsa ayi, ntchito ya usiku imatopetsa thupi ndi mutu womwe. Chitani chonchi: tengani ndandanda ya alendo semesita ikangoyamba, musankhe okhudza zaumoyo, ndipo mupemphe kusinthana shifiti nthawi ikadalipo. Funsani ku laibulale ngati amajambula misonkhanoyo kapena kuionetsa pa Zoom. Aphunzitsi ena amapereka mamalikisi owonjezera kwa amene apita n'kulemba tsamba limodzi la zimene amva, ndiye funsani anuwo. Mukadzafuna kusamukira ku yunivesite ya zaka 4 mudzafunika kalata yokuchitirani umboni, ndipo mphunzitsi amene anakuonani mukufunsa funso m'holo adzakhala ndi zolemba za inu.

Mukapita koyamba mundilemberenso, mundiuze kuti mutu wa chaka chino ndi wotani komanso mlendoyo anati chiyani.