Mapilitsi a magazi aja, uyambirenso kumwa

Halo, mng'ono wanga. Ndangotsika takisi pa siteji ya Bree kuno ku Joni, ndiye ndati ndisalembe, ndingolankhula, nkhani yake ndi yaitali. Amayi kumudziko mwaswera bwanji? Mumvetsere nanunso poti mwatchulidwamo.

Iwe wafunsa ngati n'zoona kuti mapilitsi a magazi akusikelo aja amakweza shuga, monga wakuuzira mnzako wakutchalitchi. Ndiye wati wawasiya sabata ziwiri zapitazi poopa kuti amayi ali ndi shuga, nawe ungadwale. Nditawerenga pamenepo mtima wangoti myuu.

Chithunzi cha khadi lako chija ndachikulitsa. Pamene alemba Hb, muyezo wa kuchuluka kwa magazi, pali 9.4. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mayi woyembekezera akatsika pansi pa 11 (kapena 10.5 pa miyezi yapakati ya mimba) ndiye kuti magazi achepa, akafika pansi pa 7 ndi zoopsa. Komanso kuno ku Joni tili pamwamba, mamita oposa 1,700, mpweya ndi wopepuka, moti munthu wakuno amafunika magazi okwererapo kuposa wa kunyanja ku Salima. Befu amene umachita pokwera masitepe akwanu aja, chizungulire chija, si ulesi ayi. Pathupi pakamakula magazi amawonjezeka pafupifupi ndi theka, ndipo mwana naye akukoka ayironi wako, mchere wopangira magazi umene uli m'mapilitsi aja, kuti asunge wogwiritsa ntchito miyezi yake yoyamba. Kenako pali tsiku lochira. Palibe mayi amene amabereka osataya magazi, ndipo ine sindikufuna ukalowe m'chipinda chimenecho uli ndi 9.

Tsono za shuga. Shuga wa pathupi gwero lake ndi nsengwa. Nsengwa imatulutsa mahomoni amene amafooketsa ntchito ya insulin, imene imatsitsa shuga m'magazi, makamaka mimba ikadutsa theka, ndiye kwa amayi ena thupi limalephera kulimbana nazo, shuga n'kukwera. Amene zimakonda kuwagwera ndi amene kwawo kuli shuga, onenepa kwambiri, amene zaka zapitako, kapena amene anaberekapo mwana woposa makilogalamu 4. Ndiye mantha akowo ali ndi maziko, poti amayi athu ali nawodi. Koma ngakhale utataya mapilitsi onse m'bini, magazi a amayi ali mwa iwe basi. Chofunika n'kuyezetsa.

Mnzakoyo sindikumunyoza, zimene wamvazo zili ndi pochokera. Pali ofufuza amene anaona kuti shuga wa pathupi amapezeka kawirikawiri mwa amayi amene ayironi ndi wochuluka kale m'thupi mwawo. Amenewo ndi anthu a nkhokwe yodzaza mpaka kutayikira. Yako ikuoneka pansi, mwana wa amayi. Chimene ndikutolapo ine n'chakuti usamawonjezere wekha mankhwala a m'botolo ogula kukemisi pamwamba pa zimene akupatsa kusikelo, usanafunse nesi. Umwe mlingo umene anakulembera, osachulukitsa, osasiya.

Ukapita ulendo uno uwauze poyera kuti mayi anga ali ndi shuga, ndikufuna mundiyeze. Usangodalira kamkodzo kaja. Kuyeza kwenikweni amachita pakati pa masabata 24 ndi 28, ndipo iwe wati uli pa 23. Umapita m'mawa usanadye kanthu kuyambira usiku, akutenga magazi, kenako akupatsa madzi osungunuliramo magalamu 75 a shuga wotchedwa glucose. Ine ndinamwapo pa mimba yachiwiri, kutsekemera kwake mpaka kukhosi kumachita kuwawa. Ukatero umakhala pabenchi maola awiri, osadya, osayendayenda, akutenganso magazi. Unyamule buledi ndi dzira m'chikwama, ukadye akamaliza. Ndipo wina akafuna kukuyeza shuga ndi njira ija amati HbA1c, umukumbutse kuti magazi ako ndi ochepa, chifukwa ayironi akachepa imeneyo imatha kuonetsa nambala yokwera kuposa zoona.

Ndikudziwanso kuti si shuga yekha wakusiyitsa. Mapilitsi amenewa amabweretsa nseru, amadzimbitsa, chimbudzi chimada bii. Kudako kusakuopse, ndi mmene amachitira. Ine ndinkamwa usiku nditadyako pang'ono, nseru inkandipeza ndili m'tulo. Madzi ambiri, masamba, zipatso. Ngati zikukanikabe uuze nesi, pali mitundu ina, angakusinthire.

Koma tiyi, iwe! Ndimakudziwa, piritsi m'kamwa, kapu ya tiyi wamkaka pambuyo. Tiyi ndi khofi zimatchinga ayironi kuti asalowe bwino m'thupi. Umwere madzi, udye lalanje kapena gwafa, tiyi adikire maola awiri. Mapilitsi aakulu a calcium ajanso nawo amatchinga, ndiye ngati amenewo ukumwa m'mawa, a magazi umwe madzulo. Ndiwo usaderere: nyemba, nyama ukaipeza, usipa umene anabweretsa a malume pa basi uja, bonongwe amene kuno amamutcha morogo. Zokhazo pa 9.4 sizingakukweze msanga, koma zimathandizira.

Chinanso, ndinaona kapepala ka dothi pawindo lakukhitchini kwako tsiku lija, sindinanene poti panali alamu. Chilakolako cha dothi nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa ayironi, ndipo dothilo likalowa m'mimba limatha kutchinganso ayironi yemweyo. Ukauze nesi, usachite manyazi, amazimva tsiku ndi tsiku. Botolo la mapilitsi uliike pamwamba pa kabati, mwana wamng'ono akameza ambiri ndi poizoni weniweni.

Ukaona mtima ukuthamanga uli chikhalire, ukubanika, kapena magazi akutuluka, usadikire tsiku la sikelo, undiimbire ngakhale pakati pa usiku. Lachinayi ndapempha kale kuntchito, ndidzakupeza 6 koloko tipitire limodzi. Lero lomwe ukadya nsima umwe limodzi, unditumizire uthenga kuti wamwa.