Mphwanga, za Xeon ija tamvera kaye

Eee, moni nonse m'gulu muno. Amayi, pepani, uthenga uwu ndi wautali komanso ndi wa zamakompyuta zokhazokha, mukhoza kungoudumpha, za feteleza zija ndikuimbirani madzulo. Mphwanga, uthenga wako ndaumvera ndili m'basi, ndiye ndinati ndifike kaye kunyumba ndikuyankhe ndi pakamwa, chifukwa kuti ndizilemba ndi chala zimenezi tigona pano.

Wati pali munthu ku Lilongwe akugulitsa kompyuta ya processor, ubongo wa kompyuta uja, ya Xeon E5-2680 v4, ya ma core 14, ndiye kuti tiubongo ting'onoting'ono 14 mkati mwake, motchipa, ndipo kwina wapeza ya Ryzen 5 5600, ya ma core 6, koma yokwererako mtengo. Ndiye funso lako ndi loti bwanji osangotenga ya 14, poti ndi ya server, makompyuta a makampani otumikira anthu ambiri aja, uzisewerera magemu ako komanso kukonzera mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe aja. Ndiyambe ndi yankho: tenga Ryzen. Koma iwe ndimakudziwa, ndikangoti tenga osakuuza chifukwa chake, mawa lomweli ukapereka ndalama kwa wa Xeon uja. Ndiye khala pansi.

Wogulitsayo sakunama ayi. Ma core ndi 14 ndithu, ma thread 28, poti core iliyonse imatha kugwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Processor imeneyo Intel anaitulutsa mu 2016, ndipo ili yatsopano inkagulidwa madola oposa 1,700, imodzi yokha. Ankagula ndi makampani, osati anthu ngati ine ndi iwe. Lero yatchipa chifukwa makampani aja anachotsa makina akale n'kuika atsopano, ndiye zakalezo zangoti mbwee pa msika. Si chinthu chachabechabe, kungoti anaipangira ntchito ina.

Ukukumbukira dima ija agogo ankaitanitsa kumudzi? Munda waukulu, anthu abwera ambiri, aliyense atenga mzere wake, pofika masana munda watha, anthu akumwa thobwa. Ntchito ya server ndi imeneyo. Anthu mazanamazana akutsegula website nthawi imodzi, wina akufuna ichi wina icho, ntchito iliyonse ndi mzere wakewake, ndiye ukachulukitsa makasu ntchito imathadi msanga, ngakhale olimawo akhale okalamba. Koma gemu si munda. Gemu ili ngati kuphika nsima mumphika umodzi. Wina akhoza kusonkhezera moto, wina kusefa ufa, wina kutsuka mbale, koma mthiko ndi umodzi, wovundula ndi mmodzi. Ubweretse anthu 14 m'khitchini, nsima ipsa molingana ndi mkono wa amene wagwira mthikoyo, enawo angoima n'kumaonerera. Magemu a masiku ano amagawako ntchito ku ma core angapo, 6 kapena 8, zimenezo n'zoona, koma pamakhalabe ntchito imodzi yaikulu yomwe zina zonse zimadikira chithunzi chisanaoneke pa screen. Ndiye chofunika kwa iwe ndi mkono wa core imodzi.

Tsono apa ndi pamene Xeon ikugwera. Liwiro lake limayambira pa 2.4 GHz, ikadzikoka kwambiri imafika 3.3, ndipo 3.3 yo ndi pamene core imodzi kapena ziwiri zokha zikugwira ntchito. Zikadzuka zonse imatsika, siifikanso ndi pa 3 pomwe. Ryzen ija imayambira pa 3.5 n'kufika 4.4. Komanso nkhani si ma GHz okha. Ryzen 5 5600 inatuluka mu 2022, mapangidwe ake amkati amawatcha Zen 3, ndipo pa GHz imodzi yomweyo imamaliza ntchito yambiri kuposa ya 2016. Ukaziyesa ndi pulogalamu ngati Cinebench, core imodzi ya Ryzen imachita pafupifupi kuwirikiza kawiri core imodzi ya Xeon iyo. Ndipo choseketsa, ukati zonse zigwire ntchito pamodzi, 14 kulimbana ndi 6, zimafika pafupifupi limodzi. Anyamata 6 amphamvu akumaliza munda nthawi yofanana ndi madala 14. Ndiye pa dima akufanana, pa mthiko mnyamata akuwina kutalitali. Waona pamene pali vuto?

Pa gemu chimene uzachiona si kuti yakana kutseguka, ayi, itseguka bwinobwino. Pa YouTube upezanso anthu akusewera pa Xeon akusangalala. Chimachitika n'choti pakachuluka zinthu, anthu ambiri akuomberana malo amodzi kapena galimoto ikulowa m'tauni, chithunzi chimachita ngati chagwidwa pang'ono kenaka n'kupitiriza. Ndipo ukagula graphics card yabwino, khadi lopanga zithunzi za pa screen lija, imangokhala ikudikira processor, ndalama yako yagona.

Dikira kaye, ketulo yawira... eya, ndabwera.

Tipite ku mavidiyo, poti ndi kumene kukuchokera ndalama yako. Ntchito imene ija ili pawiri. Pali nthawi imene wakhala pampando ukudula, ukukoka vidiyo uku ndi uku, ukuika nyimbo, ukukonza mtundu wa diresi la mkwatibwi. Ndiye pali nthawi imene wamaliza wadina export kuti kompyuta itulutse vidiyo yomalizidwa, iwe n'kupita kukasamba. Pa export ma core ambiri amathandizadi, imeneyo ndi dima. Koma tawerengera wekha, pa ukwati umodzi umatha maola angati ukudula, ndipo export imatenga nthawi yaitali bwanji? Nthawi yako yambiri imathera podula, ndipo pamenepo Premiere, pulogalamu yodulira mavidiyo ija, imafuna core yothamanga, RAM yokwanira, yomwe ndi malo oikapo zimene kompyuta ikugwira pa nthawiyo, ndi SSD, disk yothamanga ija. Photoshop ya zithunzi za pa chinkhoswe chimodzimodzi. Ngakhale Excel amene amagwiritsa ntchito mlongo wathu kuofesi, kutsegula ndi kuyendayenda m'mafayilo zimakoma pa core yothamanga. Komanso masiku ano export yeniyeniyo yambiri imachitidwa ndi graphics card, za NVIDIA zili ndi kachipangizo kake kotchedwa NVENC kongopangira ntchito imeneyo, ndiye ma core 14 aja ngakhale apa sakupeza pogwira kwenikweni.

Pamenepa ndikuponyereko ina imene sunaitchule. Ukapeza Intel Core i5-12400, nayonso ya 2022, ma core 6, imafika 4.4 GHz, uiganizire. Koma iwonetsetse kuti kumapeto kulibe F. Yopanda F ili ndi graphics yake mkati, ndipo ili ndi chimene amachitcha Quick Sync, chimathandiza kuwerenga mavidiyo a H.264 ndi H.265, omwe ndi amene makamera ndi mafoni ambiri amajambula. Kwa munthu wa maukwati chimenecho ndi chinthu. Xeon ija ilibe graphics mkati, ndipo kunena chilungamo Ryzen 5 5600 nayo ilibe, ndi 5600G imene ili nayo. Ndiye ziwiri zimene wandifunsazo, iliyonse ifuna graphics card kuti uone ngakhale chithunzi pa screen. Uziwerengere ndalama imeneyonso.

Usaone ngati ndikuinyoza Xeon, kuntchito ndimadyera zomwezo. Ili ndi zake zomwe Ryzen yakoyo siingayerekeze. Imalandira RAM yochuluka zedi, yoposa terabyte imodzi, ndipo ndi RAM ya ECC, imene imadzikonza yokha pakalakwika kanthu kakang'ono, chifukwa makina a banki kapena a chipatala sangamazime chisawawa. Njira zopita ku RAM ili nazo zinayi pamene Ryzen ili ndi ziwiri. Ili ndi ma lane 40 a PCIe, tinjira tolumikizira makadi ndi ma disk ambirimbiri, ndipo pa motherboard imodzi, bolodi lalikulu lolumikizapo zonse lija, ukhoza kuikapo ma processor awiri. Za masiku ano ndiye usanene, AMD, opanga Ryzen aja, ali ndi processor ya server yotchedwa EPYC ya ma core 96 yomwe payokha imadya ma watt 360. Ukanandiuza kuti ukufuna kuphunzira za ma network, uziyendetsa makompyuta khumi onamizira mkati mwa imodzi, kapena kusungira mafayilo a ofesi usana ndi usiku, ndikanati tenga Xeon lero lomwe, pa mtengo umenewo ndi mwayi. Koma iwe terabyte ya RAM uchita nayo chiyani? Vidiyo ya ukwati 32 GB yakwana, n'kutsalako.

Ndiye pali magetsi. Xeon imeneyo analemba ma watt 120, Ryzen 65, ndipo makina akale a mtundu umenewu amadya ndithu ngakhale angokhala osachita kanthu. Tingoyerekeza kuti makina onse pamodzi akukoka ma watt 300, ukawayatsa maola 8 ndiye kuti mayunitsi 2.4 apita tsiku limodzi. Mayunitsi a ESCOM umagula wekha paja. Ndipo magetsi akathima uli pa inveta ndi batire lako limodzi lija, watt iliyonse ndi mphindi zako zogwirira ntchito. Mwezi wa October kukatentha, chipinda chako chamalata chija, uzaziona.

Mufunsenso wogulitsayo kuti processor imeneyo ili m'chiyani, chifukwa pali mitundu itatu. Ikhoza kukhala mu workstation ngati HP Z440 kapena Dell Precision T5810, amenewo ndi makina olimba, ali ngati kompyuta wamba ya pa tebulo, kungoti power supply ndi motherboard zake ndi zawozawo, zikafa sungangotola ina iliyonse. Ikhoza kukhala pa ma motherboard otchipa a ku China aja olembedwa X99 omwe amagulitsidwa pa AliExpress, ena amayenda bwino, ena ndi mwayi wako. Kapena ikhoza kukhala server yeniyeni, yaitali yafulati ija yolowetsa mu rack, kabati wachitsulo wa ma server. Ikakhala imeneyo thawa. Ine ndinagulapo yotero kuno ku Johannesburg, ndikuti ndiziphunzirira kunyumba. Nditangoiyatsa, mafani ake anayamba kulira ngati chigayo cha dizilo. Alamu ako anangotuluka kuchipinda n'kundiyang'ana, osayankhula kanthu. Inagona masiku awiri okha m'nyumba, lachitatu inali kugaraja. Ndipo graphics card ya magemu mmenemo siikwana bwino, malo ake ndi mawaya a magetsi sanapangire zimenezo.

Pamene Ryzen imakhala pa socket ya AM4, malo oikapo processor pa motherboard, ma motherboard ake ali ponseponse, atsopano ndi akale omwe, ikapsa ndi magetsi obwera mwamphamvu aja upeza ina osavutika. Ndipo ukazapeza ndalama, pa motherboard yomweyo ukhoza kuchotsa 5600 n'kuikapo ya ma core 8, ngakhale 5950X ya ma core 16. Ukakhala wamagemu kwambiri pali za X3D, zomwe anaziunjikira cache yambiri, malo osungira othamanga zedi a mkati mwa processor, 5800X3D ili ndi 96 MB, magemu amaikonda zedi.

China chimene wogulitsa sangakuuze ndi Windows. Microsoft anasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Xeon E5 v4 palibe pa mndandanda wa ma processor ovomerezeka pa Windows 11. Anyamata amaikakamiza n'kulowa, inde, koma ndi zokhala ukuyang'ana kumbuyo nthawi zonse. Magemu ena a pa intaneti ayambanso kufuna Secure Boot ndi TPM 2.0, zachitetezo za mu kompyuta, pofuna kuthana ndi obera pa gemu, Battlefield 6 imafuna, Valorant pa Windows 11 imafunanso. Pa Ryzen zimenezo ungozitsegula mu BIOS, pa ma settings a motherboard, basi. Pa ma X99 otchipa aja ukhoza kutha sabata ukufufuza.

Ndiye panga chonchi. Tenga Ryzen ija, kapena i5 ukaipeza pa mtengo wabwino. RAM ugule timitengo tiwiri tofanana, osati kamodzi kakakulu, kuti njira ziwiri zija zonse zizigwira ntchito. Ngati 32 GB yakukanika yamba ndi 16, tiwiri ta 8. Windows ndi vidiyo imene ukuikonza zikhale pa SSD, hard disk ikhale yongosungira maukwati akale. Power supply usagule yopepuka ngati chitini chopanda kanthu, ndipo kachipangizo koteteza magetsi akabwera mwamphamvu usakaiwale. Ndalama yotsalayo yonse iponye ku graphics card.

Usanapereke ndalama kwa aliyense, muuze ayatse makinawo, atsegule CPU-Z, pulogalamu yoonetsa zimene zili mkati mwa kompyuta, ujambule screen unditumizire, pamodzi ndi chithunzi cha mkati atatsegula chivundikiro. Undiuzenso kumbali kuti uli ndi zingati, osati muno m'gulu, amalume angayambe kukukumbutsa ngongole ija. Graphics card usagule kaye, ndiyang'ana mitengo kuno Loweruka, ikakhala yabwino ndibwera nayo pa Khirisimasi. Amayi, ngati mwamvera mpaka pano ndiye mwalimba mtima, ndikuimbirani ikamakwana 7.